Mlandu wogwiririra pakoleji: kuchoka pa bwalo la mfumu kufika kwa majisitireti

M'boma la Mwanza mulibe yunivesite ya boma, koma chaka ndi chaka ana a kwa Kanduku ndi kwa Nthache amakwera basi kupita kumakoleji a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ena fizi yawo itachokera m'manachesi. Mmodzi mwa iwo akagwiriridwa, kapena akanenezedwa kuti wagwiririra mnzake, abale kumudzi amafulumira kunena kuti nkhaniyi ithere pachibale, isafike kupolisi. Maganizo amenewa ndi akale, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti kuthetsa mlandu wotere m'chipinda sikuteteza mtsikana, sikutetezanso mnyamata woganiziridwayo.

Makedzana mlandu wotere unali wa mbumba. Mwinimbumba, malume ake a mtsikana, ndiwo ankakadandaula kwa nyakwawa, ndipo akulu akagamula kuti mwana waonongedwa, akuchimuna ankapereka chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku, pena awiriwo n'kukwatitsidwa. Bwalo limeneli linali pafupi, silinkachedwa, ndipo linkabwezeretsa mtendere pamudzi. Koma taonani amene ankalandira mbuzi ija. Wolakwiridwa m'maso mwa bwalo linali banja, mwini wake wa thupi atakhala pamphasa choweramitsa mutu, amuna akumulankhulira. Lamulo la milandu la Penal Code, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930, linasandutsa kugwiririra kukhala mlandu wolakwira boma, ndipo ndime 133 imaika chilango cha imfa kapena ndende moyo wonse. Chizolowezi chokambirana sichinathe nazo, chinangobisala. Woimbidwa mlandu nayenso sanali pabwino: kuyambira 1969 boma la Kamuzu Banda linapatsa makhoti a mafumu mphamvu zozenga milandu ikuluikulu monga yakupha, ndipo loya sankaloledwa kulowamo.

Chizolowezi chija chinafika nacho kusukulu zapamwamba. Mu 1995, ufulu wa zipani zambiri udakali wachilendo, Isabel Apawo Phiri, mphunzitsi wa zachipembedzo pa Chancellor College ku Zomba, anapereka zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi aphunzitsi anzake atatu aakazi, Linda Semu, Flora Nankhuni ndi Nyovani Madise. Anapeza kuti atsikana pakolejipo ankachitidwa chipongwe ndiponso kugwiriridwa. Nkhaniyi itamveka pawailesi, ophunzira ena anachita ziwawa, nakaononga panyumba ndi muofesi ya mayiyu, ndipo patapita nthawi iye anachoka kukaphunzitsa ku Namibia. Chimene chinakwiyitsa ophunzira aja sichinali kugwiririrako koma kuulula kwake, chifukwa ankati kwaipitsa dzina la koleji. Apa koleji inalowa m'malo mwa mbumba: dzina la gulu linalemera kuposa munthu wovulazidwa. Nkhani imeneyi iyenera kutiwawa mpaka lero, pakuti amene anachita ziwawazo anali anthu ophunzira, amene dziko linkawayang'ana ngati atsogoleri a mawa.

Kuchokera apo malamulo ayenda ulendo. Ndime 24 ya Malamulo Aakulu a dziko imateteza amayi ku nkhanza za kugonana. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 linaika chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 kundende kwa wovutitsa mnzake pa zakugonana. Mu 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, omwe anadandaula kuti apolisi anawagwiririra ndi kuwachita chipongwe mu Okutobala 2019, apatsidwe chipukutamisozi. Ngati yunifolomu ya polisi sinatsekereze madandaulo awo, khadi ya wophunzira pakoleji singatero.

Makolo ena amati: nanga mwana wathu akamunamizira, tsogolo lake silitha pomwepo? Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti bodza liripo ndipo dzina likada silichedwa kufala pa WhatsApp. Komatu mnyamata wosalakwa ndiye ayenera kufuna khoti koposa aliyense. Ndime 42 ya Malamulo Aakulu a dziko imati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Ali ndi ufulu wa loya, wofunsa mboni mafunso, ndi wochita apilo. Komiti yosungitsa mwambo pakoleji ingathe kumuchotsa sukulu koma singamuyeretse pamaso pa anthu, ndipo abale ake akapereka ndalama kuti nkhani ithe, mudzi wonse umamva kuti wavomera. Ena amati makhoti amachedwa ndipo mtsikana amachititsidwa manyazi pofunsidwa pagulu. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chokwanira chokonzera makhotiwo, osati chobwezera mlandu kwa amalume.

Pamene chizolowezi chokambirana chimaononga kwambiri ndi m'masiku oyamba. Mabanja akamatumizana amithenga, umboni wa kuchipatala umafufutika, ndipo mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amathandiza pokhapokha atayambidwa maola 72 asanathe. Makolo a ku Mwanza, foni yonena kuti mwana wagwiriridwa ikabwera kuchokera kukoleji, muuzeni mwanayo apite kuchipatala ndi ku Victim Support Unit ya polisi tsiku lomwelo, ndipo msonkhano wa abale ubwere pambuyo.