Masamba a m'mphika ndi magazi a amayi kwa Malenga Chanzi

Alendo akamatchula Nkhotakota amakumbukira nsomba ndi mpunga. Ife amene tinakulira kwa Malenga Chanzi timadziwa kuti masiku ambiri a chaka, mtanda wa kondowole unkatsikira masamba. Mwera ukawomba sabata yathunthu, mabwato onse ali pamtunda, panalibe usipa kapena utaka woti n'kuulota. Amayi ankangonyamula lichero n'kulowera kumunda kukathyola chigwada, nkhwani, bonongwe, denje kapena chisoso. Masamba amenewa ndiwo akhala akusunga magazi a akazi a kuno kwa mibadwo yambiri, ndipo lero tawasenzetsa katundu woposa mphamvu zawo.

Chakudya chathu chinabwera m'njira zosiyanasiyana. Cha m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'dziko la Malenga, ndipo doko la Nkhotakota linasanduka msika wa minyanga ndi akapolo. Anthu ake ndiwo anafalitsa ulimi wa mpunga m'madambo athu. Chinangwa kwawo ndi ku South America, ndipo chinafika mu Africa ndi Apwitikizi. Chinakonda mchenga wa kugombe, chinapirira chilala, mpaka chinakhala nsima ya tsiku ndi tsiku. Koma muzu wa chinangwa umangokhutitsa ndi kupatsa mphamvu, za magazi mulibe zambiri. Chuma chake chili m'masamba. Agogo athu sankadziwa za ayironi amene amathandiza kupanga magazi, komabe ankadziwa kuti chigwada chimasinjidwa mumtondo, chimawira nthawi yaitali kuti ululu wake uchoke, kenako chimalandira nsinjiro. Dzinja likamatha ankafutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika, n'kumanga zikwatu zodzadya m'chilimwe. Nkhungu zikatuluka m'nyanja ngati utsi, ankaziwomba ndi malichero n'kuumba zigumu, ndipo nazonso zinkathandiza thupi.

Nzeru imeneyi inalembedwapo kuno komwe. Mu 1938 ndi 1939, boma la atsamunda linachititsa kafukufuku wa kadyedwe m'boma lomwe ankalitcha Kota Kota, motsogozedwa ndi Dokotala B. S. Platt. Anasankha midzi ya kugombe, ya m'munsi mwa mapiri ndi ya kumapiri, n'kumayeza zimene mabanja ankadya nyengo ndi nyengo. M'gululo munali mayi wina, Jessie Barker, amene pambuyo pake ankadziwika kuti Jessie Williamson. Iye ankakhala pansi ndi amayi pamafuwa, kufunsa dzina la tsamba lililonse ndi kaphikidwe kake, ndipo mu 1955 anatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland. Dzina lili pachikuto ndi lake, koma zambiri za ndiwo zimene zili m'katimo anaphunzira kwa amayi a m'midzi ngati yathu, amene maina awo sanalembedwe.

Mwambo umene unkadziwa masamba chonchi unali ndi malamulo ochuluka pa nkhani ya msambo. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi ankamuika m'nyumba n'kumulanga. Ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, aitane mwana adzathire, kuopa kudula a m'nyumba. Nyanda zake azichapa mobisa, asayanike poyera. Asauze mwamuna aliyense. Pambuyo pake mipingo inabweretsa chilangizo, Asilamu anapitiriza ndakula, koma pa mfundo ya chinsinsi onse ankalankhula chimodzimodzi. M'malangizo onsewo munali ulemu ndi ukhondo, zimene sindizinyoza. Chimene chinkasowa ndi funso limodzi lokha: kodi mwana iwe, ukutaya magazi ochuluka bwanji, ndipo kwa masiku angati?

Azakhali anga anakhala zaka zambiri osafunsidwa funso limeneli. Ndimawakumbukira akupuma kawiri pakati pa chitsime ndi nyumba, ndowa ili pansi, dzanja lili pachifuwa. Zikhatho zawo zinali zoyera, m'zikope muli mbuu, ndipo m'mphepete mwa chitenje ankamangamo dothi la pachulu lomwe ankatafuna tsiku lonse. Ena ankati ndi ulesi, ena ankati pali munthu wawachita chipongwe. Anamwa mizu yosawerengeka. Tsiku limene anakomoka akupuntha mpunga ndi pomwe anawatengera kuchipatala, ndipo anapezeka ndi zotupa m'chiberekero, magazi atatsala pang'ono kutheratu. Akazi onse a pamudzi ankadziwa kuti azakhaliwo amasamba masiku ochuluka kuposa anzawo, koma mwambo sunawapatse pakamwa ponenera.

Msambo suli wokha pakutha magazi a anthu a kunyanja. Kuyambira pamene amishoni a UMCA anakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, n'kudzatsegula chipatala cha St Anne's, achipatala akhala akulimbana ndi malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba. Malungo amaswa magazi. Njoka zina zimalowera kuphazi n'kukayamwa magazi m'matumbo. Likodzo limagwira mkazi amene amachapa, kusamba ndi kupalira mpunga m'madzi, ndipo limatha kufika kunjira ya chiberekero n'kumatulutsa magazi omwe mwiniwake amangoti ndi msambo wosokonekera. Mkazi wa kwa Malenga Chanzi amatha kukhala ndi zonsezi nthawi imodzi. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno, 33 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi.

Kale usipa unkatseka mpata umene masamba ankasiya, popeza timaudya wonse, mutu ndi minga yomwe, ndipo ayironi wa m'nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Koma nsomba inachoka pang'onopang'ono m'mbale ya wosauka. M'zaka za m'ma 1970, Mmalawi mmodzi ankadya nsomba pafupifupi makilogalamu 14 pachaka, ndipo pofika m'ma 2000 chiwerengerochi chinali chitatsika kupitirira theka. Lero usipa umachoka pathandala n'kukwera galimoto ya ku Lilongwe kapena ku Kasungu, mayi wa pafupi ndi doko akuyang'ana. Mabanja ambiri akudya zamasamba zokhazokha chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Alipo enanso amene anasankha okha kusiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, monga ena a mpingo wa Seventh-day Adventist ndi Marasta. Chisankho chawo ndimachilemekeza, ndipo munthu akhoza kukhala wathanzi pa zomera, koma mkazi amene akusamba ayenera kudya mochenjera.

Akatswiri a za kadyedwe amati mkazi wa msinkhu wobereka amafunika ayironi wokwana mamiligalamu 18 patsiku, pamene mwamuna amafunika 8 okha. Wosadya nyama ndi nsomba amafunika pafupifupi kuwirikiza kawiri, chifukwa ayironi wa m'zomera thupi limamutenga movutikira. Apa ndi pomwe kaphikidwe kathu kakufunika kukaunikanso. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya, mtedza ndi nthanga za maungu zisamasowe pambali pa masamba. Nyemba zikagona m'madzi usiku zisanaphikidwe, zinthu zina zotsekereza ayironi zimachepa, ndipo chimera cha m'thobwa chimagwiranso ntchito yomweyo. Vitamini C ndiye amathandiza ayironi kulowa m'thupi, tsono matimati m'ndiwo, ndimu wofinyira, malambe, gwafa kapena mango pa nthawi ya chakudya ndi mankhwala ndithu. Chidulo ndi soda zimafewetsa masamba msanga koma zimawononga mavitamini, choncho tisamathire paliponse. Tiyi amatsekereza ayironi, ndiye adikire kaye papite ola kapena awiri tikatha kudya. Wosiyiratu zonse zochokera ku ziweto ndi m'nyanja adziwenso kuti vitamini B12, amene nayenso amapanga magazi, sapezeka m'masamba. Ameneyo amafunika mapiritsi.

Pali malire amene mphika sungadutse. Masiku ano mkazi akayera m'maso, anzake amamuwiritsira chidede kapena masamba a mapeyala kuti magazi abwerere. Chikondi chake n'choona, koma madzi ofiira sasanduka magazi chifukwa cha mtundu wake. Kuthira madzi mumtsuko wobooka n'kutaya nthawi ngati sunamate pobookapo. Mkazi amene akusamba kupitirira masiku 7, amene akusintha nsalu ola lililonse kapena maola awiri, amene akutulutsa zibuluma za magazi, kapena akumva chizungulire, befu ndi mtima kuthamanga, apite kuchipatala. Kumeneko amayeza magazi, ndipo kwa mkazi wosayembekezera, mlingo wochepera 12 umasonyeza kuti magazi achepa. Amafufuza malungo, likodzo, njoka, zotupa, ngakhalenso njira yolera imene mwina yasintha msambo. Mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi ndipo ena amawavutitsa m'mimba, koma si chifukwa chowasiyira panjira, popeza thupi limatenga miyezi kuti libwezeretse zimene linataya.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mtsikana amene anauzidwa kuti nkhaniyi satchula sangatsekule yekha. Inu anamkungwi, amayi a chilangizo m'mipingo ndi amayi a m'mizikiti ya kwa Malenga Chanzi, mwana akagwa m'manja mwanu muphunzitseni kusinja chigwada ndi kufutsa nkhwani monga munaphunzirira inu. Muuzeninso masiku amene msambo wabwinobwino umatenga, ndi kuti akapitirira pamenepo abwere adzanene. Inu abambo, mayi akati akufuna ya thiransipoti yopitira kuchipatala chifukwa cha nkhani ya kumwezi, perekani osafunsa kawiri.