Nyumba, lendi ndi nkhondo

Pa nthawi ya Apwitikizi, nyumba za simenti m'tauni ya Tete zinali za atsamunda ndi amalonda. Anthu akuda ambiri anali kukhala kunja kwa tauni, m'nyumba za dothi ndi udzu.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa 3 Febuluwale 1976, Samora Machel analengeza ku Maputo kuti nyumba zonse za lendi zakhala za boma. Munthu analoledwa kusunga nyumba yokhalamo, koma osati yolipiritsa ena. Boma linatsegula ofesi yochedwa APIE kuti iziyang'anira nyumbazo. Lendi inatsika, pakuti inali kuwerengedwa poona malipiro a munthu ndi kukula kwa banja lake. Anthu osauka analowa m'nyumba zimene Apwitikizi anasiya.

Lamuloli linathandiza ambiri, koma silinaonjezere nyumba. Ndani akanamanga nyumba ya lendi yoti boma lidzatenge? Ndalama za lendi nazo zinali zocepa, zosakwanira kukonza denga lodontha.

Kenaka kunabuka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Midzi yambiri ku Chifunde, Macanga ndi Angónia inatenthedwa. Anthu a kufupi ndi Cassacatiza anaoloka malire kulowa m'Zambia, ndipo ambiri anakasungidwa ku Ukwimi, cakufupi ndi Petauke. Ku Malawi othawa nkhondo anaposa miliyoni imodzi. Ena anathawira m'matauni a Tete ndi Moatize.

M'mataunimo nyumba zinasowa. Abale anali kupanikizana m'cipinda cimodzi. Okhala m'nyumba za boma anayamba kulipiritsa zipinda mobisa, ena nagulitsa makiyi a nyumba zomwe sizinali zao. Lendi imene lamulo linathamangitsa masana inabwerera usiku. Wolipirayo analibe pepala. Akamuturutsa, akanakadandaula kwa yani? Mu 1991 boma linasintha malamulo, ndipo linalola okhala m'nyumba zake kuti azigule.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Othawa anabwerera kwao, napeza mabwinja. Kumudzi nyumba imamangika, mitengo ndi udzu zilipo. Cobvuta cinali malo. Wina anapeza munda wa amayi ake ukulimidwa ndi mlendo, amenenso anathawa nkhondo kwao. Mafumu anaweruza milandu yotere yambiri.

Mu 1997 kunabwera lamulo latsopano la nthaka. Likuti nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Koma amene akhala pamalo mwa mwambo wa makolo, kapena amene wagwiritsa nchito malowo mwacilungamo kwa zaka 10, ali ndi ufulu pamalopo. Ngati alibe pepala, umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa.