Kumene Zithunzi za ku Luangwa Zimagona

Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi mfumu yaikulu Nsefu kuti mbali ina ya dziko la Akunda ikhale yoonerako nyama, ndipo kuyambira pamenepo alendo otsikira m'chigwa cha Luangwa anayamba kubwera ndi makamera ambiri kuposa mfuti. South Luangwa inakhala paki ya dziko mu 1972, ndipo bwalo la ndege la Mfuwe linasanduka khomo la ojambulawo. Katundu amene ankamudera nkhawa kwambiri anali filimu. Mpukutu umodzi unkatenga zithunzi 36, kutentha kwa Okutobala kunkauwononga, ndipo mtundu ngati Kodachrome unkatsukidwa m'malo ochepa okha kutali ndi chigwachi. Munthu ankajambula kambuku ali pamtengo, n'kukwera ndege asanadziwe ngati wagwira kanthu. Chithunzi chikatuluka chinali chimodzi chokhacho, chikatayika chatayika. Choncho mantha oyamba a ntchitoyi sanali oti zinthu zikuchedwa, anali oti zisowa, ndipo ndikuona kuti aliyense womanga kompyuta yamphamvu yokonzera zithunzi ndi mavidiyo m'chigwachi ayenera kuyambira pa mantha omwewo.

Umboni wake uli m'ntchito ya Phil Berry, amene kwa zaka zoposa 30 ankalemba za akadyamsonga a mtundu wa Thornicroft, omwe kwawo ndi m'chigwa muno mokha, akumzindikira aliyense ndi mawanga ake. Zolembazo zinadzabala kafukufuku wosindikizidwa chifukwa zinakhalitsa. Lero ofufuza a Zambian Carnivore Programme amazindikira mimbulu ndi akambuku m'njira yofananayo, koma pa zithunzi za digito, ndipo makamera otchera m'tchire amadzaza makhadi usiku ndi usana. Chithunzi cha mmbulu cha zaka khumi zapitazo chili ndi phindu pokhapokha ngati chikutsegukabe lero kuti chiyerekezedwe ndi chatsopano.

Wogulitsa zida adzakuuzani za liwiro, ndipo sakunama. Hadi disiki yozungulira imawerenga pafupifupi 200 MB pa sekondi, SSD ya SATA imalekezera cha pa 550, pamene ya NVMe yapa PCIe 4.0 imafika 7,000. Wodula vidiyo ya 4K ya mvuu zikulimbana pamtsinje amakumva kusiyanako m'manja mwake. Koma liwirolo limafunika pa zimene mukugwira lero basi. Palibe amene amapeta chimanga m'nkhokwe kapena kusunga zokolola za chaka chonse m'lichero. NVMe ikhale ya mapulogalamu ndi ntchito ya sabata ino, hadi disiki yaikulu ikhale ya zonse zimene zajambulidwa, ndipo kope lina la zonsezo lisagone m'nyumba yomweyo. 

Ena adzati SSD ilibe kanthu kozungulira m'kati, ndiye bwanji osaikamo zonse? Pa galimoto yogwedezeka m'misewu yapaki, pomwe mapazi a njovu ndi njati asiya maenje m'dothi louma, mfundoyi ndi yoona, ndipo disiki yonyamula m'thumba iyeneradi kukhala SSD. Koma kusunga kwa zaka n'kwina. SSD imasunga zinthu ngati mphamvu ya magetsi yotsekeredwa m'timaselo, ndipo mphamvuyo imatha pang'onopang'ono ikakhala yosalumikizidwa. Muyezo wa bungwe la JEDEC umangofuna kuti SSD ya wamba imene yagwira ntchito mpaka malire ake isunge zinthu chaka chimodzi pa 30°C ili yozimitsa, ndipo kukatentha kwambiri nthawiyo imafupika. Ku Mfuwe, Okutobala amapitirira 40°C, ndipo makampu ambiri am'tchire amatseka nyengo yonse yamvula. SSD yakale yosiyidwa m'bokosi lachitsulo kumeneko si yoidalira. Pamwamba pa izo, terabayiti yake ndi yodula kuposa ya hadi disiki.

Ena amadalira RAID, njira imene akatswiri a ku Berkeley anaifotokoza mu 1988, yolumikiza madisiki kuti imodzi ikafa ina ipitirize. Imathandiza ndithu, koma madisikiwo amakhala m'bokosi limodzi, pa waya umodzi. Mphezi ya m'dzinja, magetsi obwera mwamphamvu atazima, wakuba, kapena chala chofufuta foda molakwika, zonsezi zimagwera madisiki onse nthawi imodzi.

Mfundo yolemera kwambiri ndi yoti zonse zizisungidwa pa intaneti. Starlink inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu Okutobala 2023, ndipo malo ambiri akutali anapumira m'mwamba. Komabe tiwerengere: pa liwiro lotumiza la 20 Mbps, terabayiti imodzi imatenga masiku oposa 4 popanda kudukiza, pamene gulu lojambula filimu likhoza kudzaza terabayiti m'masiku ochepa. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku m'dziko lonse. Zithunzi zosankhidwa zipite pa intaneti, inde, koma zochuluka zimafika msanga ku Lusaka zili m'chikwama chapamanja pa ndege ya Proflight.

Ndipo kope likafika kumeneko ntchito sinathe. Madisiki a IDE ndi a FireWire amene ojambula ankadalira digito itangoyamba alibenso polowera pa makompyuta atsopano, ndiye zaka zingapo zilizonse wina ayenera kukhala pansi, kutsegula mafayilo akale kuti aone ngati akuwerengeka, n'kuwakopera ku disiki ina.