Akaidi a ku Sagan ndi Atsogoleri Ao

M'nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, Ajeremani anamanga msasa wa Stalag Luft III pafupi ndi mzinda wa Sagan, umene lero uli m'dziko la Poland. Kuyambira caka ca 1942 anali kutsekeramo asilikali a m'ndege, Angelezi ndi anzao a maiko ena, amene ndege zao zinagwetsedwa.

Mtsogoleri wa akaidi alibe mfuti kapena ndalama. Mphamvu yace ili m'kumvera kwa anzace basi. Wotere anali Group Captain Herbert Massey, mkulu wa akaidi a Angelezi, munthu wotsimphina cifukwa ca mabala a mwendo. Ndiye anali kunenera anzace pamaso pa Ajeremani.

Tsiku ndi tsiku alonda anali kuwerenga akaidi. Cakudya ca pamsasa cinali buledi wakuda, mbatata ndi msuzi wamadzi, ndipo cimene cinawasunga ndico mitokoma ya Red Cross. Anthu a m'cipinda cimodzi anali kusonkha zao ndi kuphika pamodzi, kuti wina asakhute mnzace ali ndi njala. Podziwa kuti kukhala cabe kumaola mtima, atsogoleri analimbikitsa maphunziro, masewero ndi mpira.

Koma panalinso nchito ina yobisika. Roger Bushell, wobadwira ku Springs ku South Africa, mwana wa katswiri wa za migodi, anakonza zakuti anthu 200 athawe usiku umodzi. Massey anabvomereza, ndipo m'caka ca 1943 anayamba kukumba ngalande zitatu pansi pa nthaka, nazipatsa maina akuti Tom, Dick ndi Harry. Mmodzi wa otsogolera kukumbako anali Wally Floody, amene kale anagwira nchito m'migodi ya ku Canada.

Ali yense wolowa mumgodi adziwa kuti moyo wace uli pa mitengo yocirikiza denga ndi pa mpweya. Ku Sagan nthaka inali mcenga wogumuka msanga. Motero akaidi anazula matabwa a mabedi ao nacirikiza nao ngalandezo. Mpweya anaupopa ndi mvukuto, nauyendetsa m'zitini za mkaka zolumikizana. Ena anabisa mcenga m'timatumba mkati mwa mathalauzi, nakautaya pang'onopang'ono poyenda pabwalo. Anthu ngati 600 anathandiza, ambiri akudziwa kuti iwo eni sadzaturuka.

Harry anali pansi mapazi 30, ndipo m'litali anaposa mapazi 300. Usiku wa pa 24 March 1944 anthu 76 anaturukamo mlonda asanaone. Atatu okha ndiwo anapulumuka, awiri a ku Norway ndi mmodzi wa ku Holland. Otsala 73 anagwidwanso, ndipo 50 a iwo anaomberedwa molamulidwa ndi Hitler, Bushell pamodzi nao.

Katundu wa imfa zimenezi anagwera Massey. Ajeremani atamuuza kuti anthu ace anaphedwa poyesa kuthawanso, iye anafunsa kuti olasidwa ndi angati. Anamyankha kuti panalibe ndi mmodzi yemwe. Pamenepo anazindikira kuti anaphedwa dala, nabwerera kukauza anzace mau owawawo, pakuti wolola ulendo ndiye amalengezanso maliro. Pambuyo pace akaidi anamanga ndi manja ao cikumbutso ca miyala pafupi ndi msasa, ndipo cikalipo kufikira lero.