Woyendetsa Mmodzi m'Ndege ya Jeti: Mbiri Yace

Inu a ku Nangongwe ndi Kafue yense, nkhani ya lero idzera pamwamba pa matsindwi anu. Ndege zocoka ku Lusaka kunka kumwera zimaoloka mtsinje wa Kafue zikali kukwera, ndipo zina mwa izo ndi tindege ta jeti tonyamula eni makampani ndi akulu a migodi. Mipando ya oyendetsa m'tindege totere iri iwiri, koma pali mitundu ina imene lamulo lilola kuti pakhale munthu mmodzi yekha. Kodi zinayamba bwanji kuti munthu mmodzi akhulupiridwe ndi cinthu cothamanga mamailosi 400 pa ora?

Tiyambire kutali. M'caka ca 1919 boma la Angerezi linafuna njira ya m'mlengalenga yocoka ku Cairo kufikira ku Cape Town, ndipo mazana a anthu a dziko lino analembedwa nchito yogwetsa mitengo ndi kugumula zulu ndi makasu, kukonza mabwalo ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, ku Ndola, ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, ndi ku Livingstone. Caka cotsatira, 1920, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand anatera pa mabwalo amenewa ndi ndege yochedwa Silver Queen II. Iwowa anali awiri, ndiponso anali ndi amakanika ao.

Woyamba kuyenda yekha ulendo wonse kucokera ku England kufikira ku Cape Town anali Richard Bentley, msilikari wa ndege wa ku South Africa. Ananyamuka pa 1 September 1927 nafika pa 28 September, m'kandege kamtundu wa Moth, kopangidwa ndi matabwa ndi nsaru, kamene liwiro lace linali ngati mamailosi 80 pa ora. Anatsata mabwalo aja a makasu. Analibe wailesi. Anali ndi kampasi, mapu pa maondo, ndi maso ace basi. Oyendetsa a masiku amenewo pakati pa Broken Hill ndi Livingstone anali kutsata njanji monga mlenje atsata mapazi a nyama, ndipo m'njira yonseyo munalibe cizindikiro coposa ulalo wa njanji wa pa Kafue, womangidwa m'caka ca 1906, wa zigawo 13. Munthu akauona ulalowo, ndi madambo akuluwo ali ng'aning'ani cakumadzulo, anadziwa pamene ali.

M'caka ca 1928 akazi awiri anacita zomwezo. Lady Mary Bailey, mkazi wa Sir Abe Bailey, mwini cuma wa migodi ya golide, anapita kumwera yekha. Ndege yace inasweka potera ku Tabora, namtumizira mwamuna wace ina. Lady Mary Heath anapita kumpoto. Iyeyu tisamuiwale, pakuti cimene cinamgwera ndico mutu wa nkhani yathu. Asanafike ku Bulawayo dzuwa linamuomba pakhosi ndi m'mutu mpaka anayamba cizungulire. Anatha kutera m'chire asanakomoke, ndipo anthu a m'mudzi wa pafupi ndiwo anamsamala. Ndege inali yabwinobwino. Cimene cinalephera linali thupi la woyendetsa, ndipo panalibe wina womlandira.

Pamene kampani ya Imperial Airways inayamba maulendo a makalata ndi anthu kunka ku Cape Town m'caka ca 1932, kudzera ku Mpika ndi ku Broken Hill, ndege zace zinali ndi oyendetsa awiri ndi munthu wa wailesi. Kuyambira masiku amenewo ndege zazikulu zonyamula anthu olipira zakhala ndi oyendetsa osacepera awiri. Woyendetsa mmodzi anatsalira ndege zazing'ono. Acikulire akumbukira ma Beaver a Central African Airways, amene m'zaka za m'ma 1950 anali kunka ku Mongu, ku Kalabo ndi ku Balovale, woyendetsa yekhayo ali wonyamula katundu, wowerenga matikiti ndi woyang'ana mitambo. Migodi nayo inali ndi ndege zace za Mines Air Services, kampani imene pambuyo pace inachedwa Roan Air, kenaka Zambian Airways, nileka kuuluka m'caka ca 2009. Ku Ndola, Dr James Lawless anayambitsa nchito ya madokotala ouluka m'caka ca 1965. Ndege za kumidzi zotere zinali za mapiko opalasa mphepo kutsogolo, zoyenda pang'onopang'ono ndi pansi pa mitambo, kotero kuti mutu umodzi unali kukwana.

Jeti inasintha zonse. Pa 7 October 1963, ku Wichita m'dziko la America, kunauluka koyamba Learjet 23, kandege ka anthu olemera, kothamanga mamailosi oposa 500 pa ora. Mwini wace, Bill Lear, anali kale katswiri wa makina oyendetsa ndege okha, amene Azungu awacha autopilot. Kulemera kwa kandegeko sikunapitirire mapaundi 12,500, ndiwo malire olekanitsa ndege zazing'ono ndi zazikulu m'malamulo a ku America. Komabe a boma analamula kuti kayendetsedwe ndi anthu awiri. Cifukwa cace ncosabvuta kumva: pa liwiro limenelo ndege idya mamailosi 8 pa mphindi imodzi, ndipo munthu akawerama kufuna pepala, podzaweramuka ali kale kwina.

Kampani ya Cessna, ya mumzinda womwewo, inadzera njira yina. Inapanga jeti yofatsa, ya mapiko oongoka, yotera pang'onopang'ono, yochedwa Citation, imene inauluka koyamba m'caka ca 1969. Oyendetsa ma Learjet anali kuiseka cifukwa ca kucedwa kwace, koma kufatsa komweko ndiko kunaipatsa mwai. M'caka ca 1977 boma la America linabvomereza mtundu wace wochedwa Citation I/SP kuti uyendetsedwe ndi munthu mmodzi. Pambuyo pace panabwera CitationJet m'zaka za m'ma 1990, Phenom ya ku Brazil, HondaJet ya kampani ya ku Japan, ndi PC-24 ya ku Switzerland, zonsezi zololedwa woyendetsa mmodzi. Lamulo lifuna kuti zida zonse zikhale pofikira dzanja lace, kuti autopilot ikhale yogwira nchito, ndi kuti iye mwini apambane mayeso a mtundu umenewo wa ndege ali yekha.

Tsono taganizani nchito ya munthu wotere m'dziko lino. Bwalo la ndege la ku Lusaka liri pamtunda wa mapazi pafupifupi 3,800. M'mwezi wa October, dzuwa liri phwee, mphepo imapepuka, ndipo ndege ifuna njira yaitali kuti inyamuke. Woyendetsa ayenera kuwerengera yekha kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta, popanda wina wobwereza masamu ace. Utsi wa lupsa uphimba dziko, mtsinje wa Kafue osaoneka. Dzinja likafika, mitambo ya mabingu imakula msanga masana nipitirira pamene ndegeyo ingafike. Iye azemba mitamboyo, ayankha a pa nsanja pa wailesi, asintha manambala m'makina, awerenga mndandanda wa zoyenera kucita, ndipo zonsezi zimaunjikana pa mphindi zoyamba ndi zomariza za ulendo. Pakati pa ulendo pali phee. Ndiye mdani amakhala tulo.

Phunziro loyamba linadza msanga. Pa 2 August 1979, Thurman Munson, kapitao wa timu ya baseball ya New York Yankees, anali kuyeserera kutera pa bwalo la Akron-Canton ndi Citation I/SP imene anali atangoigula. Sanatsitse zipsepse za kumbuyo kwa mapiko zimene zigwiriziza ndege potera, ndipo anazindikira mocedwa kuti irikutsika msanga. Inagwa bwalo lisanafike, niyaka moto. Anzace awiri anapulumuka, iye anafera momwemo. Ofufuza anapeza kuti mndandanda uja sunatsatidwe. M'ndege ya oyendetsa awiri, wina amawerenga mokweza ndipo mnzace amayankha, mau ndi mau, ngakhale adacita kambirimbiri.

Coopsa cina inu a kumigodi mucidziwa koposa ife. Munthu salowa yekha ku malo a pansi kumene mpweya suyenda, cifukwa mpweya woipa sugogoda; munthu amangomva kutopa, nakhala pansi, osadzukanso. Kumwamba nkomwemo. Pa mapazi 40,000 mphepo njocepa kwambiri, ndipo makina ndiwo amapopera mpweya m'kati mwa ndege. Mpweyawo ukathawa, woyendetsa ali ndi masekondi 15 kapena 20 okha kuti abvale cophimba kumaso ca okosijeni nzeru zisanamcoke. Pa 4 June 2023, Citation ina ya woyendetsa mmodzi inanyamuka ku Tennessee kunka ca ku New York. Patapita mphindi ngati 15 woyendetsa analeka kuyankha. Autopilot inaifikitsa kumene inali kunka, nitembenuka, nidutsa pamwamba pa mzinda wa Washington. Asilikari amene anaithamangira ndi ndege zao anamuona atagwa pampando. Inagwa m'mapiri a ku Virginia, nafa anthu anai. Koma tinene cilungamo: pa 25 October 1999 Learjet yonyamula Payne Stewart, katswiri wa masewera a gofu, inatayika mwa njira yomweyo iri ndi oyendetsa awiri. Kukhala awiri sikuciza matenda onse.

Kwa ine, phindu lalikulu la munthu waciwiri liri pakamwa pace. M'ndege ya kampani, wokhala kumbuyo ndi bwana amene amalipira woyendetsa, ndipo ali ndi msonkhano ku Kitwe kapena ku Johannesburg umene safuna kucedwako. Nthawi zina mwini cumayo ndiye woyendetsa, monga Munson. Kuuza munthu wotere kuti lero sitinyamuka, mitambo yaipa, ncinthu colemera pa munthu mmodzi. Awiri amalimbitsana mtima. Ndico cifukwa makampani ambiri amaika oyendetsa awiri ngakhale m'ndege imene lamulo lilola mmodzi, ndipo a inshuwalansi kawirikawiri amafuna kuti woyamba kumene ayende ndi mnzace wozolowera kwa maora ambiri asanamsiye yekha.

Opanga makina akali kuyesa kudzaza mpando wopanda munthuwo. M'caka ca 2020 kunabvomerezedwa cida ca kampani ya Garmin cochedwa Autoland, cimene cinaikidwa m'jeti yaing'ono ya Cirrus: woyendetsa akakomoka, wokwera ali yense akhoza kudinikiza batani limodzi, ndipo ndege isankha yokha bwalo, ilankhula ndi a pa nsanja, nitera, niima. Ena anafuna kuti nzeru zotere zicepetse oyendetsa m'ndege zazikulu zomwe, kuti pakati pa ulendo wautali pazikhala mmodzi. Bungwe la ku Ulaya loyang'anira za ndege, la EASA, linafufuza nkhaniyo, ndipo m'caka ca 2025 linanena kuti, ndi makina amene analipo, sikunatheke kuonetsa kuti woyendetsa mmodzi angasunge miyoyo mofanana ndi awiri.