Nkhalango Inali ndi Eni Ace

Tikambe za anthu a kutali amene dziko lao lisiyana ndithu ndi lathu. Pakati pa dziko la Congo pali mitsinje iwiri, Lopori ndi Maringa, imene ikomana pa Basankusu, nisanduka mtsinje umodzi wochedwa Lulonga, umene ukathira m'mtsinje waukuru wa Congo. Dera lonselo ndi nkhalango yokha yokha. Mitengo yace njotalika, nthambi zace zalukana kumwamba kotero kuti dzuwa silifika bwino pansi, ndipo mvula igwa pafupi miyezi yonse ya caka. Anthu okhala m'menemo ndiwo Amongo, amene amishoni oyamba anawacha Balolo.

Kale lomwe, Azungu asanafike, Amongo anali kumanga midzi yao pamitunda posafika madzi, nyumba zitandanda mizere iwiri ndi bwalo lalitali pakati. Anazifolera ndi masamba a ciwale, pakuti udzu wofolera m'nkhalango mulibe. Kuseri kwa nyumba kunali nthoci, ndi patsogolo pang'ono minda ya cinangwa. Cinangwaco akazi anacibviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wace ucoke, nacisinja, nacikulunga m'masamba, naciphika. Cakudya cimeneci acicha kwanga, ndipo popeza cikhala masiku ambiri osabvunda, ndico cinali kamba wa paulendo. Ng'ombe analibe cifukwa ca kashembe. Ndiwo zao zinali nsomba, nyama ya m'thengo, cigwada, ndi tizirombo tonga mphalabungu, zophikira mafuta ofiira a mtengo wonga kanjedza.

Njira yao yaikuru inali mtsinje. Bwato analisema ku mtengo umodzi, ndipo mwana anaphunzira nkhafi akali wamng'ono. Njira za pamtunda zinali zopapatiza, zodzala mizu ndi matope. Madzi akasefuka, nkhalango yambiri inamira, munthu napalasa bwato pakati pa mitengo pomwe anayenda pansi mwezi watha. Mau okha ndiwo anayenda msanga koposa bwato, cifukwa anali ndi ng'oma yochedwa lokole, cipika cogoba m'kati, ca milomo iwiri, wina wa liu lalikuru ndi wina wa liu laling'ono. Woyimba wace anatsata kukwera ndi kutsika kwa mau a cinenero cao, ndipo mudzi wakumva unapatsira mudzi wina, kufikira mbiri ya maliro kapena ya nkhondo yafika kutali.

Tsono tinene za cuma. Cuma ca m'manja cinali mikondo, mipeni, mbuzi, agaru osakira, ndi zigwinjiri zolemera za mkuwa; ndi izi analowola akazi, nalipa milandu. Koma cuma ceni ceni cinali nkhalango imene. Kwa Amongo mwana atsata pfuko la atate wace, ndipo pfuko liri lonse linali ndi dera lace, la malire odziwika. M'dera lao amuna anachera maukonde nakumba mbuna, akazi anatseka timitsinje nakapa madzi kuti agwire nsomba. Munda ukaguga anausiya tsala, mitengo nimeranso, koma mwini wace sanaiwalika ai. Mlendo wopita pamenepo anaona mitengo yokha. Mwini dziko anaona bwinja la makolo ace, manda ao, ndi munda umene adzukulu ace adzautemanso.

M'caka ca 1885 maiko a ku Ulaya anabvomereza Leopold II, mfumu ya ku Belgium, akhale mwini wa dziko lochedwa Congo Free State, limene iye sanalipondepo phazi moyo wace wonse. Pa 1 July caka comweco panaturuka lamulo lakuti malo onse opanda anthu ndi a Boma. Lamulolo linali la mau owerengeka, koma potsiriza pace linasiyira mudzi pokhala nyumba pokha ndi minda imene inali kulimidwa. Matsala, mosakira ndi mowedzera monse zinayesedwa zopanda mwini. A pa Maringa sanamve kanthu. Akuru anati cakudza siciyimba ng'oma, ndipo zoonadi lokole sinalire tsiku limenelo.

Mu 1888 John Dunlop, wa ku Belfast, anapanga mpira wopopera wa ku miyendo ya njinga, ndipo posacedwa maiko onse a Azungu anafuna mpira. M'nkhalango za Congo munali mitengo yoyanga yambiri imene utomoni wace ndiwo mpira. Motero mu 1891 ndi 1892 Boma linalamula kuti mpira ndi minyanga ya m'malo aja ndi zace, ndipo mu 1892 linapereka dera la Lopori ndi Maringa kwa kampani yochedwa ABIR kwa zaka 30. Likulu la kampaniyo linali pa Basankusu.

Kampani inaika msonkho wa mpira: mwamuna ali yense apereke monga makilo 4 a mpira wouma pa masabata awiri ali onse. M'midzi inaikamo alonda a mfuti, odya za eni mudzi. Poyamba mitengo ya mpira inali pafupi, koma anthu pocita mantha anaidula m'malo mwa kuitema pang'ono, ndipo inatha msanga. Pamenepo ulendo unatalika. Amuna anayenda masiku angapo m'kati mwa nkhalango, nagona m'misasa pamvula ndi pa anyalugwe. Pobwera kudzayesa mpira, masiku otsala anali ocepa, nanyamukanso. Kutema minda inali nchito ya amuna, ndipo posowa woitema, njala inalowa m'dziko limene mvula siileka. Mpira ukaperewera, akazi ndi mafumu anagwidwa cikole, amuna anakwapulidwa ndi cikoti ca cikopa ca mvuu, midzi inatenthedwa, anthu anaphedwa, ena nadulidwa manja. Mtsinje umene kale unanyamula nsomba ndi alendo tsopano unanyamula mpira m'sitima za Azungu, ndipo midzi yambiri inathawa m'mbali mwace kukabisala.

Koma panali mboni. Amishoni a Congo Balolo Mission anakhala m'deralo kuyambira 1889, naona ndi maso ao. Mu 1903 Roger Casement, nduna ya Boma la Britain, anakwera Lulonga ndi Lopori kufikira ku Bongandanga, ndipo zimene analemba zinafalitsidwa mu 1904. M'mwezi wa May 1904 munthu wa ku Wala, dzina lace Nsala, anadza ku mishoni ya Baringa atanyamula dzanja ndi phazi la mwana wace wamkazi wophedwa ndi alonda a kampani. Mai Alice Harris anamjambula alikuyang'ana zimenezo, ndipo cithunzico cinaonetsedwa ku Britain ndi ku America.

Leopold anakakamizika kutuma oweruza atatu kukafunsa mlanduwo. Pamaso pao panadza mfumu Lontulu ya ku Bolima, niika pagome timitengo 110, kali konse kuimira munthu wace mmodzi wophedwa cifukwa ca mpira. Inatigawa miulu inai, wa akuru, wa amuna, wa akazi ndi wa ana, nichula maina ao mmodzi mmodzi. Kalata wa oweruzawo, woturuka mu 1905, anatsimikiza zambiri zimene mboni zinanena. Mu 1906 Boma linatenganso dera la ABIR, mpira utatha kale ndi anthu atayamba kuukira. Ndipo mu 1908 dziko la Belgium linalanda Congo m'manja mwa mfumu yace. Nkhanza zoopsazo zinacepa, koma lamulo la malo opanda anthu linatsala, kotero kuti mu 1911 kampani ya William Lever inapatsidwa nkhalango zazikuru za mitengo ya mafuta.

Taonani, abale, kumene tsoka lonseli linayambira. Mfuti ndi cikoti zinadza pambuyo. Patsogolo panadza munthu wolemba pa pepala kuti dziko liribe mwini, popeza sanaonepo khasu. Ndipo pamene coonadi cinafunika, cinaturuka m'kamwa mwa mfumu imene inasunga maina a anthu ace. Cifukwa cace inu akuru a m'midzi, mukali ndi mphamvu m'miyendo, tengani ana anu muyende nao m'malire, muwaonetse matsala, mabwinja ndi masano, ndi kuwauza maina a amene analima ndi kugona pamenepo. Kuti tsiku lina wina akadzati pano palibe mwini, padzapezeke womyankha.