Zimene Minda ya Tiyi ya ku Thyolo Ikutiphunzitsa pa Chaka Chatsopano

Chaka chikamatha ambirife timadzilonjeza zinthu zazikulu: kumanga nyumba ya malata, kubweza ngongole zonse, kusiya mowa tsiku limodzi. Pofika mwezi wa Marichi malonjezo aja amakhala ataiwalika, ndipo mumtima mumangotsala manyazi. Tisanalonjezenso chaka chino, tiyeni tiyang'ane mbiri ya minda ya tiyi imene imakuta zitunda za ku Thyolo, pakuti mindayi sidamere tsiku limodzi.

Azungu oyamba kutsegula minda m'dera la kummwerali adaika mtima wawo wonse pa khofi. M'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye adali chiyembekezo cha dziko, kotero kuti ngakhale pa chizindikiro cha boma la atsamunda padajambulidwa mtengo wa khofi. Ambiri adalima minda yaikulu mothamanga poganiza kuti alemera msanga. Koma chitangodutsa chaka cha 1900 ulimiwu udagwa. Tizilombo ndi chilala zidaononga mitengo, ndipo khofi wochuluka wa ku Brazil adagwetsa mitengo yogulitsira pa msika wa dziko lonse. Alimi ena adathawira ku thonje, ena ku fodya, ena adangosiya minda.

Nthawi yonseyi tiyi adali kukula mwakachetechete. Mbewu zoyamba zidafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, koma sizidachite bwino, ndipo adachita kuyesanso. M'chaka cha 1891 Henry Brown adabzala tiyi ku Mulanje. Ku Thyolo mbewuyi idafika mochedwerapo. Maclean Kay, amene adatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923, adayamba ndi fodya, mbewu yobweza ndalama m'chaka chimodzi, ndipo tiyi adalowa m'mindamo pang'onopang'ono. Nzeru yake ndi yoonekeratu: mtengo wa tiyi umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanayambe kuthyoledwa mokwanira, choncho mlimi ayenera kukhala ndi china chodyera pamene akudikira. Koma ukakhazikika, mtengowu umabereka kwa zaka makumimakumi.

Ngakhale pamenepo mavuto sadathe. Masamba a tiyi m'minda yambiri ankasanduka achikasu, mitengo n'kumafa. Mu 1933 akatswiri awiri, Storey ndi Leach, adaonetsa kuti vuto silidali matenda ogwirana ayi, koma kusowa kwa mchere wa salufa m'nthaka. Atathira feteleza woyenera minda idatsitsimuka. Chaka chomwecho mayiko olima tiyi wambiri adagwirizana zochepetsa tiyi wotumiza kunja, mitengo idakwera, ndipo tiyi adakhala imodzi mwa mbewu zazikulu zobweretsa ndalama m'dziko muno. Kuchokera pa mbewu zoyamba zija padapita zaka zoposa makumi asanu.

Mbiriyi ili ndi mbali yowawa imene sitiyenera kuibisa. Thukuta lidali la makolo athu, makamaka Alomwe amene adachokera ku Mozambique nakhala pa malo a azungu. Pofuna kulipira malo okhalapo ankagwira thangata, ntchito ya miyezi ingapo pa chaka, ndipo nthawi yake inkagwa m'dzinja, pamene minda yawo yomwe inkafuna khasu. Mkwiyo wa anthu udaphulika ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata adathetsedwa mu 1962. Boma litakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority mu 1967, Amalawi wamba adapeza mwayi wolima tiyi wawo m'timinda tating'ono. Ambiri adayamba ndi kadera kochepa, nkumawonjezera mizere chaka ndi chaka.

Nanga ife titolepo chiyani? Choyamba, tiyese cholinga chathu ndi nthaka imene tili nayo. Banja lopeza zochepa lisalonjeze nyumba yonse chaka chino. Lilonjeze kuumba njerwa m'chilimwe, malata adzabwera chaka chinacho. Chachiwiri, tisaike chiyembekezo chonse pa chinthu chimodzi monga adachitira alimi a khofi. Chachitatu, zikavuta tifufuze chifukwa chenicheni tisanataye mtima. Mwana wolephera kusukulu kapena sakusowa nzeru, akusowa chakudya cha m'mawa kapena nyali yowerengera, monga tiyi uja ankangosowa salufa. Chachinayi, ndipo ichi n'chachikulu, cholinga chathu chisakhale thangata kwa ena. Bambo akafuna kugula njinga yamoto pamene ana abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndiye kuti akumanga esiteti yake pamsana pa banja lake. Cholinga cha pakhomo tizikambirana onse, mayi ndi bambo, ngakhale ana okulirapo.

Wothyola tiyi amatenga timasamba tiwiri ndi kansonga kamodzi basi, ndipo pamafunika makilogalamu oposa anayi a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Komabe pofika madzulo dengu limakhala litadzaza. Akulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Choncho madzulo a lero tikhale pansi ndi a m'banja lathu, tisankhe chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene tingathe, tigwirizane za tsiku loyambira, ndipo pakutha pa mwezi uliwonse tidzifunse pamene tafika.